Mchere umene unadya mlatho wa Champlain

Pa 28 June 1962 galimoto zinayamba kuwoloka mtsinje wa St. Lawrence pa mlatho watsopano wa Champlain mumzinda wa Montreal, ku Canada. Pa 28 June 2019, tsiku lomwelo pa kalendala, mlathowo anautseka ndipo sunatsegulidwenso. Unagwira ntchito zaka 57 ndendende. Ambirife tili ndi makolo amene anapitirira kale msinkhu umenewu koma akadali kulima munda wawo okha. Mlathowu sunakokoloke ndi madzi osefukira ngati imene timaiona kuno kwathu mvula ikalusa, sunagwedezeke ndi chivomezi, ndipo palibe amene anauphulitsa. Unadyedwa ndi mchere, womwewu timathira m'ndiwo, umene ogwira ntchito za misewu ankauwaza dala pamwamba pake chaka ndi chaka.

Nkhaniyi ndinaimva koyamba m'kalasi, mphunzitsi akungoitchula modutsa, ndipo anaimaliza ndi mawu amene ambiri amamalizira nawo: anthu a nthawi imeneyo sankadziwa. Nditaitsatira pandekha ndinayamba kukayikira yankho limeneli. Kusadziwa kukhoza kufotokoza zaka 15 kapena 20 zoyambirira. Zaka zotsalazo anthu ankadziwa ndithu, ndipo funso loti n'chifukwa chiyani zinthu zinapitirirabe chomwecho ndi limene landichititsa kulemba.

Tiyambe ndi kuzizira, popeza ambirife chipale chofewa timangochiona pa kanema. Ku Montreal chimagwa chokwana pafupifupi mamita awiri pachaka, ndipo mu January kuzizira kumatha kufika pa madigiri 20 pansi pa ziro. Kuzizira kwa ku Dedza kumene timadandaula nako mu June, kumeneko ndi tsiku loyanika zovala panja. Chipalecho chikapondedwa ndi matayala chimalimba n'kusanduka ayezi, ndipo galimoto ya pa ayezi simva mabuleki ngakhale chiwongolero. Mchere umathandiza chifukwa madzi amchere saundana pa ziro. Akakhala ndi mchere wokwanira amatha kukhalabe madzi mpaka pafupifupi madigiri 21 pansi pa ziro, ngakhale kuti pamsewu mphamvu yake imayamba kuchepa kuzizira kukangodutsa madigiri 10. Kukazizira kwambiri amathira mchere wina wotchedwa calcium chloride. Mitundu yonse iwiri ili ndi chinthu chimodzi chofanana, chloride, ndipo dzina limeneli mulisunge.

Kuwaza mchere m'misewu si mwambo wakale. Poyamba ankangokankha chipalecho ndi makina n'kuwaza mchenga kapena phulusa la malasha, ndipo madalaivala ankamanga matcheni kumatayala, kapena ankangoimika galimoto mpaka nyengo isinthe. Boma la chigawo cha New Hampshire ku America ndi limene linayamba kuyesa mchere cha m'ma 1938, ndipo m'nyengo yozizira ya 1941 mpaka 1942 dziko lonse la America linawaza matani 5,000 okha. Nkhondo yachiwiri itatha galimoto zinachuluka, misewu ikuluikulu inamangidwa, anthu anayamba kukhala kunja kwa mizinda n'kumayendera kuntchito tsiku lililonse, ndipo maboma anakhazikitsa mfundo yoti phula lizioneka poyera ngakhale pakati pa nyengo yozizira. Pofika 1955 mcherewo unali utafika matani 1 miliyoni pachaka, ndipo cha m'ma 1970 unali pafupi ndi matani 10 miliyoni. Canada inatsata njira yomweyo, ndipo masiku ano imawaza pafupifupi matani 5 miliyoni pachaka.

Ndinene pano kuti mchere si mdani wopanda phindu. Umachepetsa ngozi, umalola ambulansi kufika, umalola mabasi ndi malole a chakudya kuyenda. Nduna imene ingalamule kuti mchere uleke kuwazidwa mu January, pakutha pa sabata ikhoza kukhala ikuwerenga maliro. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope ake apa anali kulowa m'kati mwa konkire mmene munthu saona.

Kuti timve zimene zinkachitika m'katimo, tiyenera kudziwa chifukwa chimene mainjiniya ankakhulupirira konkire wa zitsulo kwambiri chonchi. Konkire ndi wolimba akamapsinjidwa koma amang'ambika msanga akamakokedwa. Chitsulo chimapirira kukokedwa. Mukaziphatikiza, chilichonse chimakwirira kufooka kwa chinzake, ndipo mwamwayi zonse zimafutukuka pafupifupi mofanana kukatentha. Mmodzi mwa oyamba kugwiritsa ntchito nzeruyi anali Joseph Monier, mlimi wa maluwa wa ku France, amene mu 1867 analembetsa njira yake youmbira miphika ya maluwa ya simenti yokhala ndi mawaya m'kati. Panalinso mwayi wachitatu, umene unkaoneka ngati mphatso yaulere: chitsulo cha m'kati mwa konkire sichichita dzimbiri. Timadzi timene timatsalira m'timabowo ta konkire n'taukali ngati chidulo chophikira therere, kungoti ukali wake ndi woposa, pH yake imafika cha pa 13. M'madzi oterewa chitsulo chimadzipangira kachikopa kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo kachikopako kamatchinga mpweya ndi chinyezi. Malinga ngati kali bwino, chitsulo chikhoza kukhala zaka zambirimbiri chikuwala ngati chachokera kumene kusitolo. Ichi n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1950 anthu ankanena za konkire ngati mwala wosafuna chisamaliro, pomwe mlatho wachitsulo umafuna penti nthawi ndi nthawi.

Chloride imaboola kachikopa kameneka. Konkire amaoneka wolimba koma amamwa madzi, ndipo madzi amchere amalowa pang'onopang'ono kudzera m'timabowo ndi m'timing'alu mpaka kufika pa chitsulo. Sipafunika wambiri. Muyezo umene mainjiniya ambiri amagwiritsa ntchito ndi wakuti ngozi imayamba chloride ikafika pafupifupi 0.4 peresenti ya kulemera kwa simenti, kutanthauza magalamu 200 okha pa thumba la makilogalamu 50. Pamalo pamene kachikopa kabooka, chitsulo chimayamba kudyeka ngati dzino lobowoka, kadzenje kakang'ono pamwamba koma kozama, ndipo chloride yo siithera pamenepo, imatsala n'kumapitiriza ntchito. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako, kawiri, katatu, nthawi zina kupitirira apo. Ndiye limakankha konkire kuchokera m'kati, kumene kuli kukoka komwe kuja konkire sapirira. Amang'ambika motsatira mzere wa chitsulo, kenako chibanthu chimasomphoka n'kugwa. Oyendera milatho amagogoda ndi hamala kapena kukoka tcheni pamwamba n'kumamvetsera, monga mmene amayi amagogodera mphika wadothi pamsika asanaugule. Pamene pasiyana m'kati pamalira mwa phwa.

Choopsa kwambiri pa zonsezi ndi nthawi. Katswiri wa ku Sweden, Kyösti Tuutti, mu 1982 anafotokoza moyo wa konkire wotere m'magawo awiri. M'gawo loyamba mchere umangoyenda kulowera ku chitsulo, ndipo kunja sikuoneka kalikonse. Gawoli likhoza kutenga zaka khumi, makumi awiri kapena kuposa, malinga ndi kukhuthala kwa konkire wokuta chitsulo ndiponso kuchuluka kwa madzi amene anathiridwa pokanda. M'gawo lachiwiri dzimbiri layamba, ndipo zinthu zimathamanga. Mukaona dontho loyamba lofiira pakhoma la mlatho, mcherewo unalowa kalekale, ndipo ngakhale mutasiya kuwaza lero, umene uli m'katiwo sutuluka.

Mchere umawononganso konkire weniweniyo, osati chitsulo chokha. Madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti, ndipo amene anaiwalapo botolo la Fanta mufiriji akudziwa mapeto ake. Konkire wonyowa akamaundana ndi kusungunuka mobwerezabwereza amafumbutuka, ndipo pakakhala mchere pamwamba pake pamasupuka msanga kwambiri. Mankhwala a vutoli anapezeka kale m'zaka za m'ma 1930: kusiya dala timathovu tating'onoting'ono ta mpweya m'kati mwa konkire kuti madzi oundana apeze pothawira. Koma kudziwika kwa njira sikutanthauza kuti aliyense woimika mlatho ankaitsata bwino.

Tsopano tibwerere ku Champlain. Ntchito inayamba mu 1957. Mlathowu unali wotalika makilomita 3.4, wa mizere isanu ndi umodzi ya galimoto, ndipo unali ndi zigawo ziwiri zosiyana. Pamene pamadutsa sitima zikuluzikulu za pamadzi anamanga ndi chitsulo. Mbali yotsalayo, yomwe inali yaitali kwambiri, anasankha pulani yotsika mtengo ya konkire wokungidwa, luso limene Eugène Freyssinet wa ku France anali atalembetsa mu 1928 ndipo ku Canada linali lidakali lachilendo. Ganizirani mmisiri amene wanyamula njerwa zisanu zondondozana pozifinya ndi manja kumapeto konse. Malinga akufinya, njerwazo zimakhala ngati mtanda umodzi. Akangofooka manja, zonse zili pansi. Mu konkire wokungidwa, manjawo ndi zingwe zachitsulo zimene zimadutsa m'mapaipi m'kati mwa mtanda, n'kukokedwa mwamphamvu, kenako mapaipiwo n'kudzazidwa ndi phala la simenti. Pa Champlain panali zipata 50 zotere pakati pa nsanamira, chipata chilichonse mamita oposa 50, chilichonse ndi mitanda isanu ndi iwiri yogona mondondozana, ndipo mtanda uliwonse unali ndi zingwe 24.

Pulaniyi inali yanzeru pa kusunga ndalama, ndipo nzeru yomweyo ndi imene inaupha mlathowo. M'malo moika denga lapadera pamwamba pa mitanda, mitu ya mitandayo ndi imene inali msewu. Mipata ya pakati pake anaidzaza ndi konkire, kenako anamanga zonse pamodzi ndi zingwe zina zopingasa. Konkire anachepa, kulemera kunachepa, mtengo unatsika. Koma zinatanthauza kuti simungachotse mtanda umodzi wowola n'kuikapo wina, ndipo simungasupule denga n'kuyala latsopano, pakuti dengalo ndiye mtandawo. Kuwonjezera apo panalibe mapaipi abwino otayira madzi kutali. Madzi a pamsewu ankangotsetsereka kumbali n'kumayenderera pa mitanda ya m'mphepete. Ngati madziwo ndi a mvula, vuto si lalikulu. Koma mlathowu unajambulidwa pa nthawi imene mchere unali usanakhale chizolowezi ku Quebec, ndipo unatsegulidwa pa nthawi yomwe chizolowezicho chinkayamba. Nyengo yozizira iliyonse kwa zaka pafupifupi 30, madzi amchere ankasambitsa mitanda 100 ya m'mphepete, n'kumalowa mpaka ku zingwe zija. Mapaipi otayira madzi anadzaikidwa m'zaka za m'ma 1990, mchere utalowa kale.

Amene anajambula pulaniyi ndikhoza kuwamvetsa. Amene sindikuwamvetsa ndi a zaka zotsatira, pakuti chenjezo silinachedwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 akuluakulu a misewu ku America anali ataona kale kuti madenga a milatho amene ankayembekezera kuti akhala zaka 40 akusweka asanakwanitse ndi zaka khumi zomwe m'zigawo zozizira, ndipo anali atauloza chala mchere. Mu 1973, pa mlatho wina ku West Conshohocken m'chigawo cha Pennsylvania, anayamba kugwiritsa ntchito zitsulo zokutidwa ndi utoto wa epoxy. Chaka chomwecho ku California, injiniya Richard Stratfull anayesa pa mlatho wa Sly Park njira yoteteza zitsulo podutsitsamo mphamvu yochepa ya magetsi. Mu December 1985, mlatho waung'ono wa Ynys-y-Gwas ku Wales, womangidwa mu 1953 ndi konkire wokungidwa, unagwa mwadzidzidzi. Mwamwayi sunaphe munthu. Atafufuza anapeza kuti madzi amchere anali atadya zingwe zake, ndipo kunja kunalibe chizindikiro chimene oyendera akanaona. Mu 1992 boma la Britain linafika poimitsa kaye kumanga milatho yatsopano ya mtundu umenewu. Pofika zaka zimenezi palibe injiniya wa milatho m'maiko ozizira amene akananena kuti sakudziwa zimene mchere umachita ku zingwe zobisika.

(Nkhani ya ku Britain imene imandiseketsa mowawa ndi ya msewu wa m'mwamba wa Hammersmith ku London, umene unatsegulidwa mu 1961. Omanga ake anaganizira za ayezi ndipo anaika mawaya otenthetsa msewu ndi magetsi kuti mchere usafunike. Bilu ya magetsi inali yodula, patapita nthawi mawayawo anasiya kugwiritsidwa ntchito, ndipo anayamba kuwaza mchere. Mu December 2011 msewuwo anautseka mwadzidzidzi atapeza zingwe zake zitadyeka, patangotsala miyezi yochepa kuti mpikisano wa Olympics uyambe mumzindawo.)

Ku Champlain kukonza kunayamba m'zaka za m'ma 1980 ndipo sikunathenso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, denga la chigawo chachitsulo chija analichotsa n'kuika lina, chifukwa kumeneko zinali zotheka. Ku chigawo cha konkire ankangophatika: kudzaza mabowo, kuwonjezera zingwe zakunja, kumata nsalu zolimba za kaboni m'mbali mwa mitanda. Pafupi pomwepo pali mlatho wa Jacques Cartier, wachitsulo, umene unatsegulidwa mu 1930. Nawonso unamwa mchere womwewo ndipo denga lake linawonongeka, koma mu 2001 ndi 2002 analisintha lonse chidutswa ndi chidutswa, ndipo mlathowo ukugwirabe ntchito lero, pomwe mng'ono wake wa zaka 32 kumbuyo kulibenso. Kusiyana kwake sikunali kwakuti wina sankawonongeka. Wina anamangidwa mwakuti chowonongeka chikhoza kuchotsedwa.

Chimene chinadzidzimutsa anthu a ku Quebec sichinachitike pa Champlain, koma pa kamlatho kakang'ono kodumpha msewu mumzinda wa Laval, kumpoto kwa Montreal. Loweruka pa 30 September 2006, masana, chigawo cha mamita pafupifupi 20 cha mlatho wa De la Concorde chinagwera pa msewu waukulu wa nambala 19. Anthu asanu amene anali m'galimoto ziwiri pansi pake anafera pomwepo, ndipo asanu ndi mmodzi anavulala. Pafupifupi ola limodzi izi zisanachitike, chibanthu cha konkire chinali chitagwa kale, anthu anaimba foni, woyendera misewu anabwera, anachiona, anachichotsa pamsewu, koma msewu sunatsekedwe. Mlathowo unali ndi zaka 36 zokha.

Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza motsogozedwa ndi Pierre Marc Johnson, amene anakhalapo nduna yaikulu ya Quebec, ndipo lipoti linatuluka mu October 2007. Apa ndiyenera kusamala, chifukwa anthu ena amangonena kuti mchere unagwetsa De la Concorde, zomwe si zonse. Lipotilo linapeza kuti pulani inaika zitsulo mosiya malo ofooka pamene denga limatsamira, kuti pomanga zitsulozo sizinaikidwe ngakhale mmene pulaniyo inanenera, ndiponso kuti konkire wake anali wosayenera kupirira kuundana ndi kusungunuka pamalo a mchere. Mpata wolumikizira msewu unali pamwamba penipeni pa malo ofookawo, ndipo unkadontheza madzi amchere pamenepo kwa zaka zambiri, pamalo ovuta kufikapo ndi maso. Mng'alu unakula pang'onopang'ono mpaka tsiku limenelo. Bungwelo silinaloze munthu mmodzi. Linati unali mndandanda wa zolakwika kuyambira pojambula, pomanga, poyang'anira, mpaka pokonza. Mchere sunayambitse cholakwika chilichonse mwa izi, koma unazipeza zonse, pakuti madzi saiwala khwawa. Pambuyo pake mlatho wofanana nawo wa De Blois anaugwetsa, ndipo mu 2007 boma linachepetsa katundu wololedwa pa milatho ina 135 mpaka itayezedwa.

Mungaganize kuti zitatere nkhani ya Champlain inathamanga. Sizinatero kwenikweni. Champlain unali m'manja mwa boma lalikulu la ku Ottawa, osati la Quebec, ndipo unali mlatho wotanganidwa kwambiri m'dziko lonse la Canada, galimoto pafupifupi 50 miliyoni pachaka. Kuutseka kunali kosatheka, ndipo kumanga wina kunkafuna ndalama zimene boma lililonse linkakonda kuti lidzapereke ndi lotsatira. Mu 2011 malipoti a kampani ya mainjiniya ya Delcan anafika kwa atolankhani, ndipo ananena poyera kuti panali chiopsezo choti chigawo cha mlathowo chikhoza kugwa. Mu October chaka chomwecho nduna ya zamtengatenga, Denis Lebel, inalengeza kuti kumangidwa mlatho watsopano. Mu November 2013 oyendera anapeza mng'alu pa umodzi mwa mitanda ya m'mphepete ija. Anatseka mizere ina ya galimoto, ndipo patatha masabata ochepa anagoneka mtanda wachitsulo wa matani 75 pamwamba pa msewu kuti unyamule mtanda wodwalawo. M'zaka zotsatira anamanga mafelemu achitsulo pansi pa mitanda ya m'mphepete, kuti zingwe zikaduka pakhale chogwira. Zaka zake zomaliza mlathowu unali ngati nkhalamba yoyendera ndodo, ndipo ndodozo zinkadya ndalama zankhaninkhani pa chinthu chimene aliyense ankadziwa kuti chikukagwetsedwa.

Mu 2018 mkulu wolondoloza ndalama za boma la Canada anatulutsa lipoti lonena kuti kuchedwa kupanga chiganizo chomanga mlatho watsopano kunawonongetsa ndalama zoposa madola 500 miliyoni zimene zikanapewedwa. Mlatho woyambawo unamangidwa ndi madola pafupifupi 35 miliyoni. Ntchito ya watsopano, Samuel De Champlain, pamodzi ndi misewu yake ndi kuusamalira kwa zaka 30, inali ya madola oposa 4 biliyoni. N'zoona kuti dola ya 1962 si dola ya 2019, ndipo mlatho watsopanowo ndi waukulu, koma ngakhale mutawerengera zonsezo, zimene anapulumutsa posankha pulani yotchipa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinadzalipidwa.

Ndiye wolakwa ndani? Mnzanga wina amene tinkakambirana nkhaniyi anati ndikuweruza akufa ndi nzeru za lero, ndipo anawonjeza kuti mlatho umene wanyamula galimoto mamiliyoni kwa zaka 57 osapha munthu sunalephere. Mfundo yake yachiwiri ili ndi mphamvu, ndipo ulemu upite kwa mainjiniya amene anaugwirizira mpaka tsiku lomaliza. Koma ine sindikuweruza munthu. Chimene ndikuona n'chakuti pa sitepe iliyonse, wopanga chiganizo sanali amene adzalipire. Amene anasankha pulani yotchipa anayamikiridwa chifukwa chosunga ndalama za boma, ndipo pamene dzimbiri linkaoneka anali atapuma ntchito. Woyang'anira misewu m'nyengo yozizira amayezedwa ndi ngozi za sabata ino, osati ndi zingwe zimene zidzaduke mu 2013, ndipo mchere ndi wotchipa pa bajeti yake chifukwa mtengo wa dzimbiri umalembedwa m'buku la ofesi ina. Nduna ili ndi zaka zinayi kapena zisanu, pomwe gawo loyamba la Tuutti lija, losaoneka, ndi lalitali kuposa nthawi ya nduna zitatu. Kukonza ngalande ya pamlatho sikukhala ndi mwambo wodula riboni. Aliyense anachita chanzeru pa mpando wake, ndipo chloride inkangoyenda mamilimita ake pachaka.

Wina afunsa kuti ife zikutikhudza bwanji, popeza sitidzawaza mchere pa msewu wa M1. Sindikufuna kukokera nkhaniyi kumene siili, koma chloride sifunsa kuti yachokera m'lole ya boma kapena ayi. Ku Beira ndi ku Nacala imabwera ndi mphepo ya kunyanja yamchere. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje mijigo imatulutsa madzi amchere, ndipo mmisiri akakandira konkire madzi amenewo, waika chloride pa chitsulo tsiku loyamba lomwe, gawo lodikira lija osakhalapo n'komwe. Ndipo tonse taonapo pamalo omanga zitsulo zitagona pa matabwa popanda timiyala tozikweza, kotero kuti matabwa akachotsedwa nthiti zimaonekera pansi pa silabu. Masentimita ochepa a konkire wokuta chitsulo ndiwo amagamula ngati nyumba idzayamba kutuluka dzimbiri patatha zaka khumi kapena makumi asanu, koma ndi chinthu chimene mwini nyumba sangachione pa tsiku lolandira makiyi.

Mlatho wa Samuel De Champlain unatsegulidwa mbali imodzi pa 24 June 2019, mbali inayo pa 1 July. Anaujambula kuti ukhale zaka 125. M'malo amene madzi amchere amafika anaikamo zitsulo zosachita dzimbiri, zodula kangapo kuposa zitsulo wamba, konkire wake ndi wothina kwambiri, ndipo madzi a pamsewu amatengedwa ndi mapaipi. Kuyambira mu July 2023 pakati pake pamadutsanso sitima yamagetsi ya REM. Wakalewo anayamba kuuphwasula mu 2020, ndipo zidutswa zina za mitanda yake anazipereka kwa ofufuza a m'mayunivesite kuti aziboole n'kuona mmene zingwe zinalili m'kati, chinthu chimene kwa zaka zonse zija ankangoyerekeza ali kunja. Ku Montreal mchere akuwazabe. Chipale choyamba chikagwa mu November kapena December, malole amatuluka usiku ngati kale.